Padi Yopanda Chingwe ya a Zuze

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi malume anga, amene ankadula nzimbe ku Nchalo. Kapitawo wawo, bambo Semba, anali atatsegula kashopu ka magemu pa Ngabu ndipo ankafuna mnyamata woti azikhalapo. Malume anawauza kuti ali ndi mphwawo amene sukulu anamaliza, mowa samwa, ndipo pa Ngabu sadziwa munthu ngakhale mmodzi. Mfundo yomalizayi ndi imene inawakomera bwanawo. Ankati munthu wopanda anzake saseweretsa anthu ulere.

Ndinachoka kwathu kutsidya kwa Shire ndi kachikwama ndi mkeka basi. Shopuyo inali chipinda chimodzi chomangidwa pa maziko aatali chifukwa cha madzi osefukira, ndiye polowa umakwera masitepe. Kukhoma loyang'anizana ndi chitseko kunali sikirini ndi mashini a gemu, zonse zotsekeredwa m'kachikhola kachitsulo. Kiyi wake ankayenda m'thumba la bambo Semba. Ine anandisiyira mibowo iwiri yokha ya kutsogolo kwa mashini, yolowetsapo zingwe za mapadi. Kwa amene sadziwa, padi ndi kachipangizo kamabatani kamene wosewera amagwira m'manja, kamene kamauza osewera mpira a pa sikirini kuti athamange, apatsire kapena amenye.

Mapadi athu anali otchipa aja, koma ankatha kugwira ntchito njira ziwiri: pa chingwe, kapena popanda chingwe. Bwana anandiuza maganizo awo tsiku loyamba lomwelo, ndipo sanachulutse mawu.

"Padi iliyonse izikhala pa chingwe ngati mbuzi. Yopanda chingwe imatsagana ndi kasitomala kunyumba."

Sankanama. Chingwe chilinso ndi ubwino wina: sichifuna batire, ndipo ukadina batani wosewera wako amamvera pompo. Vuto lake ndi lakuti chimathyokera m'kati, pakhosi pomwe chimalowera m'padi, makamaka anyamata akamachikoka akaphonya chigoli. Ndiye m'mawa uliwonse, ndikasesa, ndinkayendetsa chala pa chingwe chilichonse kufufuza potupa, n'kumanga tepi pakhosipo. Fumbi la m'mabatani ndinkachotsa ndi mswachi wakale. Timitengo tiwiri tija toyendetsa ndi chala chachikulu ndinkatizunguza kuti ndimve ngati tikubwerera pakati tokha. Pomaliza ndinkayang'ana batire la sola ndi inveta, chifukwa magetsi a pa Ngabu anali ngati mlendo, amabwera osanena n'kuchoka osatsazika.

Ntchitoyo sinali yolemetsa. Chimene chinkandilemera chinali kusowa wolankhula naye. Anyamata ankadzaza shopu madzulo, akukuwa, akunyozana, koma akafuna kuseka zenizeni ankatembenukira ku Chisena, ine n'kumangomwetulira ngati chitsiru osadziwa ngati akuseka ine kapena goloboyi. Ankandiitana kuti "a shopu". Palibe amene anandifunsapo dzina. Ndinkagona kuseri kwa katani m'chipinda momwemo. Koma nthawi yowawitsa inali masana, dzuwa la pa Ngabu likakwiya, msewu n'kukhala zii, anthu onse atabisala pamithunzi. Ndinkadya chinangwa changa nditakhala pa benchi, kafani kakupemerera mashini osati ine. Masiku ena ndinkayatsa gemu n'kumasiya mashini azisewera okha, kuti ndizimvako mawu a munthu wolengeza mpira uja. Ndinkasowa kwathu koopsa, ndipo sindinkauza malume poopa kuoneka wosayamika.

Patsidya pa msewu, pansi pa mtengo wa nimu, pankakhala bambo wina wosoka nsapato, dzina lake a Zuze. Miyendo yawo inapuwala ali mwana, ndiye ankayenda pa njinga ya matayala atatu yopalasa ndi manja. Anali ndi mapewa otambalala ngati a munthu wopalasa bwato, ndi pakamwa posachedwa kugemula munthu. Ndinawadziwa tsiku limene patapata wanga anaduka. Akusoka, anandiuza kuti amadziwa amene wawina m'shopu mwathu pongomvera phokoso, ndipo anatchula mayina a anyamata amene amanamizira padi akaluza. Sanaphonye ndi mmodzi yemwe. Kenako anandifunsa dzina, ndipo nditati ndine Limbani, ananena kuti nkhope yanga sikufanana ndi dzinalo.

Ndinawaitana kuti adzasewere. Anayang'ana masitepe aja n'kuseka. Ine mopusa ndinati ndikhoza kuwanyamula.

"Mphale, ine si thumba la thonje," anatero, singano ili kukamwa. "Chimwalirireni mayi anga palibe amene anandinyamulapo."

Ndinachita manyazi, koma nkhaniyo sinandichoke m'mutu. Sikirini inkaoneka bwinobwino munthu ali pansi pa masitepe, chitseko chikakhala chotsegula. Chingwe ndiye chinkathera pakati pa chipinda. Ndinagula chingwe cholumikizira pamsika, chija chotalikitsa, koma padi inkangoduka n'kubwerera ngati foni ya kumudzi. Ndiye ndinafwanthula katoni imene mapadi anabweramo, n'kupezamo timapulagi ting'onoting'ono tolandirira uthenga wa padi ikakhala yopanda chingwe. Mapadi enawo mabatire ake anali atafa kalekale ndi kutentha. Imodzi yokha, yabuluu, ndi imene inali ndi moyo. Kalumikizidwe kake n'kosavuta: umalowetsa kapulagi mu bowo la mashini, n'kudina batani la pakati pa padi mpaka kagetsi kasiye kuphethira. Katangosiya, ndinatsika nayo masitepe, n'kuwoloka msewu kukawaonetsa a Zuze.

Loweruka bwana atabwera ndinawauza zonse, poopa kuti angamve kwa ena. Anang'ung'udza, kenako anati ameneyo ndiye sangathawe nayo patali, bola azilipira ngati wina aliyense. Mawu amenewo sindinakawauze a Zuze.

Anayamba kubwera masana, nthawi ija yopanda makasitomala kwa iwo ndi kwa ine. Ankaimika njinga yawo pamthunzi wa khonde, moyang'ana chitseko, ine ndili m'kati pa benchi ndi padi yanga ya chingwe. Masiku oyamba ndinkawachinya mpaka kumva chisoni. Padi yabuluu ija, pa mtunda umenewo, inkachedwa pang'ono: ukadina, wosewera amayamba waganiza kaye. Kuchedwa kwake kunali kwa kuphethira kwa diso, koma pa mpira wa pa sikirini kuphethirako ndi chigoli. Ndinawauza, iwo n'kunena kuti osewera awo ndi ogontha, ndiye azingowauziratu zinthu zisanachitike. Ndipo anachitadi zimenezo. Manja ozolowera singano sachedwa kuphunzira. Mvula isanagwe anali atayamba kundichinya, ndipo chigoli chilichonse ankaliza belu la njinga kuti msika wonse udziwe.

Tikatha gemu ndinkakhala pa sitepe, tikudyera pamodzi, ine chinangwa iwo nsomba zouma, n'kumasinthana. Anandiphunzitsa Chisena, kuyambira mawu otukwana, ati kuti ndizidziwa anthu akamandinena. Anasiya kundiitana kuti mphale, ndiko kuti mnyamata, n'kuyamba kunena kuti shamwali, bwenzi. Ndinena mosabisa: pa Ngabu ponse munthu wanga anali ameneyo. Ndikadzuka m'mawa, padi yoyamba kuipukuta ndi kuitchaja inali yabuluu.

Padiyo inali ndi khalidwe limodzi loipa. Ukailowetsa chingwe kuti itchaje, njira yopanda chingwe inkazima. Sunkatha kuitchaja uku wina akusewera nayo panja. Ndiponso batire lake linkafooka mwezi ndi mwezi. Ndinapempha bwana kuti tigule lina, iwo anati aona.

Nyengo yogulitsa thonje itafika, anthu ali ndi kenakake m'thumba, bambo Semba anakonza mpikisano wa tsiku limodzi. Wopambana atenga mbuzi. Anaimangirira pamzati wa khonde kuti aliyense aione, n'kubwerera ku Nchalo, kundisiya ndekha ndi chikhamu. Sabata imeneyo magetsi anali atapita ulendo wawo, ndiye zonse zinkadalira sola. A Zuze analembetsa. Anyamata ena anaseka, koma amene anali atalawapo belu lija sanaseke nawo.

Tsikulo ndinali wogulitsa, woweruza, komanso wapolisi. Ndinalamula kuti pakhale kanjira kuchokera pachitseko mpaka pa sikirini, ndipo wina akaimapo ndinkamukankha ndi tsache. A Zuze akamaliza gemu ndinkathamangitsa padi yawo pa tchaja, inveta ikulira mwa apo ndi apo. Mumpikisanomo a Zuze anachotsa mphunzitsi wina, anachotsa mnyamata wogulitsa mayunitsi, anachotsa ndi wina wochokera ku Bangula amene anabwera ndi mbiri. Anthu anachoka pamsika kudzaonera. Amayi ena ogulitsa zitumbuwa, osadziwa n'komwe kuti timu ya a Zuze ndi iti, ankalulutira akangomva belu.

Gemu yomaliza anakumana ndi Lameki, mnyamata wa shapa, njinga zonyamula anthu zija. Anali katswiri ndithu, ndipo ankadzidziwa. Chigawo choyamba chinatha a Zuze akutsogola ndi chigoli chimodzi. Chachiwiri chitangoyamba, anandiitana motsitsa mawu n'kundionetsa padi. Kagetsi kanali kofiira, kakuphethira. Ndisanafike n'komwe pa iwo kanazima, ndipo osewera awo anangoima m'bwalo ngati ng'ombe padzuwa. Ndinathamanga kukaimitsa gemu pa padi ya Lameki.

Panali njira zitatu, ndipo palibe imene inali yabwino. Kudikira kuti padi itchaje, koma dzuwa linali litapendeka ndipo batire la sola silikanatifikitsa. Lameki naye anakana, ati iye sanabwere kudzadikira. Kuthetsa gemu n'kupereka mbuzi kwa Lameki, popeza mnzake walephera kupitiriza. Kapena kuika padiyo pa chingwe, chimene chinkathera pakati pa chipinda. Anzake a Lameki anayamba kukuwa kuti angowanyamula ndi njinga yawo yomwe, zithe. Awiri anali atagwira kale matayala.

Ndinatsika, ndinagwada pafupi ndi njinga, n'kuwafotokozera zonse zitatu monga zinalili. Sindinawakankhire mbali iliyonse. Iwo anayang'ana sikirini, pomwe chigoli chawo chinali chikuonekabe pamwamba, kenako anayang'ana anthu aja amene anasiya malonda awo kudzawaonera. Anamenya dzanja la mnyamata amene anagwira tayala.

"Limbani, undibereke iwe. Wina asandikhudze."

Ndinatembenuka, iwo anakoloweka manja m'khosi mwanga. Anali olemera kumtunda, koma miyendo yawo inkangolendewera m'manja mwanga ngati ya mwana. Ankanunkhira guluu ndi chikopa. Mtima wawo ndinkaumva kumsana kwanga, ukugunda mofulumira. Pokwera masitepe paja maso a anthu onse anali pa ife. Ndinawakhazika pa benchi pafupi ndi Lameki, ndinazula kapulagi kaja, ndinalowetsa chingwe, kagetsi n'kuyaka. Ndinaganiza kuti vuto latha. Ndipotu ndinakondwa mumtima, poti chingwe n'chofulumira, ndiye Lameki aona zakuda.

Gemu itayambiranso, mpira woyamba wa a Zuze unapita pomwe panalibe munthu. Wachiwiri chimodzimodzi. Wotseka kumbuyo wawo anadzigwetsa mdani asanafike. Ndinayang'ana chingwe, ndinayang'ana tepi ya pakhosi, zonse zinali bwino. Kenako ndinayang'ana zala zawo ndipo ndinazindikira. Miyezi yonse ija anaphunzira kudina msanga, kuuziratu osewera ogontha. Tsopano osewerawo ankamva pompo, ndipo chilichonse chinkachitika nthawi yake isanakwane. Padi inali bwino, koma manja awo anali akadali panja. Iwo anazindikiranso, ndinaona akuyesa kudzigwira, thukuta likudontha pachibwano, koma chizolowezi sichichoka m'mphindi zochepa. Lameki anabweza chigolicho. Kenako anachinya china, goloboyi wa a Zuze atadumpha mpira usanamenyedwe. Wina kumbuyo anaseka, ndipo kuseka kumapatsirana. Wina anakuwa m'Chisena, chimene tsopano ndinkachimva, kuti ukatswiri wonse uja unali wa padi yamankhwala.

A Zuze anaika padi pa benchi mwaulemu, n'kupereka mkono kwa Lameki. Chimene sindinaganizire n'chakuti akanakhala pa njinga yawo, akanangotembenuka n'kumapita. M'kati muja sakanatha kuchoka okha. Anakhala pomwepo, manja ali pamawondo, anyamata akuvina mowazungulira, ine ndikulimbana ndi kumasula mbuzi ndi kutulutsa anthu. Ndinawanong'oneza kuti ndiwatsitse, iwo anapukusa mutu. Sanafune kuti anthu aonenso kachiwiri. Anadikira mpaka womaliza atapita.

Titatsala awiri anamwaza maso m'chipindamo, pa katani yanga, pa mkeka wopindidwa pakona, n'kunena kuti m'kati muno ndi mochepa kuposa momwe ankaganizira. Ndinawaberekanso n'kuwatsitsa. Anati takhuta, ndiko kuti zikomo, n'kupalasa njinga yawo osaliza belu.

Lolemba magetsi anabwera. Ndinatchaja padi yabuluu mpaka kudzaza, ndipo masana ndinakhala nayo pa sitepe. A Zuze anali pansi pa nimu, mutu uli pa nsapato. Ndinakweza dzanja, iwo anakweza lawo, basi. Lachiwiri chimodzimodzi. Ana asukulu anali atayamba kale kasewero koberekana kutsogolo kwa shopu, wapamsanayo akulendewetsa miyendo. Ndinawathamangitsa, koma ana ukawathamangitsa ndiye wawapatsa mphamvu. Sabata yotsatira pansi pa nimu panalibe munthu. Ndinamva kuti asamukira mbali ina ya msika, kufupi ndi poima maminibasi.

Ndinapirira masiku angapo, kenako ndinatseka shopu masana n'kuwalondola. Ndinapita ndi nsapato yosang'ambika n'komwe. Anaitembenuza uku ndi uku, anandiyang'ana, n'kundibwezera. Ndinawauza kuti bwana avomera kugula batire latsopano, zimene zinali zoona, ndipo kuti padi ikuwadikira.

"Shamwali, sindinakwiye nawe. Ndinasankha ndekha," anatero. "Koma pakhonde paja ndinali munthu amene salowa chifukwa safuna. Pano aliyense akudziwa."

Ndinaika nsapato ija m'khwapa. Tinakamba za kutentha, za mtengo wa ulusi, ndipo kasitomala atabwera ndinatsazika. Batire latsopano linabweradi. Ndinaliika ndekha, ndi kasikuludiraiva kobwereka, ndipo padiyo inkakhala tsiku lonse osazima. Palibe amene anasewera nayo. Patapita nthawi bwana anandiuza kuti ndiibwezere pa chingwe ngati zinzake.

Ndinakhalabe pa shopupo chaka china. Chisena ndinkachimva, anyamata ena anayamba kundiitana dzina, koma masana anabwerera momwe analili poyamba. Mwinanso anaipirapo, chifukwa tsopano ndinkadziwa chimene chikusowa. Pambuyo pake ndinamva kuti a Zuze anapita ku Nsanje kwa mlongo wawo. Sitinasewerenso.

Lero ndili ndi kabenchi kanga pa Chikwawa, ndimakonza mapadi ndi mafoni. Anthu amandifunsa kawirikawiri kuti yabwino ndi iti, ya chingwe kapena yopanda chingwe. Ndimawauza zoona zake. Chingwe n'chofulumira ndipo sichikuthera moto pakati pa gemu, koma chimakuuza pokhala. Yopanda chingwe imakulola kukhala pomwe wafuna, koma uzisamala batire, makamaka kuno kotentha, ndipo zotchipazi zimachedwa ukatalikira. Kenako ndimafunsa kuti munthuyo amakhala pati posewera, ndipo manja ake anazolowera chiyani. Akafunsa eni mashopu, ndimawauza kuti wosewera asamusinthire njira gemu ili pakati, ngakhale njira yatsopanoyo ikhale yabwino chotani. Amene wayamba popanda chingwe amalize popanda chingwe, apo ayi gemu iime.

Ena amaona ngati ndikukokomeza nkhani ya zoseweretsa za ana, ndipo sindilimbana nawo. A Zuze anasankha okha, ndipo unali ufulu wawo kutero. Koma mpaka lero ndimalakalaka akanandiuza kuti gemu ithere pomwepo. Mbuzi ikanapitabe kwa Lameki, koma ine ndikanakhala ndi munthu wodya naye masana.